Mpeni wam'thumba waung'ono, wooneka bwino, wosaopseza anthu: ndisankhe uti?

Mlembi_Wamakalata analemba:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikufuna mpeni wopinda waung'ono, waulemu, woti ndiziyenda nawo tsiku lililonse, koma mitundu yake yandichulukira.

Umene ndili nawo ndi Buck 110, anandipatsa amalume anga zaka 8 zapitazo. Ndi mpeni wabwino zedi, chigwiriro cha mtengo wakuda, mkuwa kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo ukautsegula loko yake imalira kuti "kha!" moti umachita kudziwa kuti yagwira. Koma unapangidwira alenje. Anayamba kuupanga mu 1964, chitsulo chake chodulira n'chotalika masentimita 9.5, ndipo umalemera magalamu opitirira 200. Malo ake ndi m'kachikwama kachikopa pa lamba. Ine kuntchito ndimavala thalauza la nsalu yopepuka ndi malaya opisira, ndiye kachikwama kotero sikandikhala. Ndinayesa kumauponya m'thumba. Thalauza limalendewera mbali imodzi, ndipo patangotha miyezi iwiri mkuwa uja unaboola nsalu ya m'kati mwa thumba, makiyi n'kuyamba kutsetserekera kumwendo.

Chimene chinandikhudza kwambiri chinachitika mwezi watha. Tinalandira katoni ya mapepala yomangidwa ndi zingwe zapulasitiki zolimba zija, sizasi panalibe pafupi. Ndinatulutsa mpeni, n'kuutsegula, "kha!" Mtsikana wina amene wangoyamba kumene ntchito anali ataima pambali panga atanyamula mafayilo. Anabwerera m'mbuyo, maso ali pa dzanja langa, mafayilo atawakumbatira pachifuwa. Sanalankhule kanthu, kenako anangomwetulira mwamanyazi, koma ine ndinaona. Sindikufuna kuti mwana wa mwini azidzidzimuka chifukwa cha chipangizo chimene ine ndimadulira tepi. Kuyambira tsiku limenelo mpeni uja uli m'dirowa kunyumba, ndipo maenvulopu ndikutsegulira kiyi.

Ntchito zanga ndi zing'onozing'ono: kutsegula makalata ndi makatoni, kudula chingwe, kusongola pensulo chifukwa ndimakonda kulembera pensulo m'mphepete mwa mapepala, kudula kaulusi kamene kasomphoka pa malaya. Sindikupita kukasenda nyama kuthengo. Koma ndikufunanso chinthu choti ndikachigwira mtima uzikondwa, chifukwa ndichigwira kangapo patsiku kwa zaka zambiri.

Ndayang'ana itatu: Opinel No. 6, Victorinox Cadet wa chigwiriro cha aluminiyamu, ndi Higonokami wa ku Japan wa chigwiriro cha mkuwa. Kunena zoona mtima wanga uli pa Higonokami. Ndi kachitsulo kamodzi kopindidwa pakati, mpeni n'kulowamo, basi, popanda china chilichonse chowonjezera. Amene mwaigwiritsapo ntchito, ndiuzeni zabwino ndi zoipa zomwe.

Kalipentala_Wakale analemba:

Achimwene, nkhani ya mtsikanayo ndaimva bwino. Nthawi zambiri chimene chimadzidzimutsa anthu ndi phokoso ndi liwiro limene mpeni watulukira. Mpeni umene umatsegula ndi manja awiri, pang'onopang'ono, munthu amaona kuti ukukonzekera ntchito.

Ine ndili kumbali ya Opinel. Ndakhala ndi No. 8 m'thumba la ovolosi kwa zaka zambiri ndipo ndimasongolera pensulo zanga zonse. Anthu pogula mpeni amathamangira kufunsa dzina la chitsulo, pamene chimene chimadula katoni ndi kupyapyala kwa chitsulocho. Mpeni wonenepa, ngakhale utathwa chotani, ukalowa m'katoni umakanirira pakati ngati nkhwangwa pa chipika chachiwisi. Opinel ndi wopyapyala, umangodutsa. Pa itatu mwatchulayo, pa kudula kokha palibe woupambana.

Joseph Opinel anayamba kupanga mipeni imeneyi mu 1890 ku Savoie, kumapiri a ku France, ndipo maonekedwe ake sanasinthe kwenikweni. Loko yake ndi mphete yachitsulo imene mumazungulitsa pakhosi pa chigwiriro, amaitcha Virobloc. Anaiwonjezera ndi Marcel Opinel mu 1955, ndipo imapezeka kuyambira pa No. 6 kupita m'mwamba. Ya masiku ano imatsekeranso mpeni uli wopinda, kuti usatseguke m'thumba. Siilira n'komwe.

Zoipa zake nazi, ndisakubisireni. Chigwiriro ndi mtengo, ndipo mtengo ine ndimaudziwa: ukamwa chinyezi umafufuma. Nyengo yamvula, kapena mukautsuka m'madzi, mng'alu umene mpeni umalowamo umapanikiza, chikhadabo n'kulephera kuutulutsa. A ku Savoie ali ndi njira yawo: umagogoda kumapeto kwa chigwiriro pa tebulo kamodzi, nsonga imadumphira kunja pang'ono, n'kuikoka. Wanga ndinauyanika padzuwa masiku awiri, ndinapalapala m'kati mwa mng'alu ndi sandipepa wosalala, n'kupakamo phula. Kuyambira pamenepo sunavutenso.

Chachiwiri, ndi wobulungira. M'ovolosi sumaoneka, koma m'thalauza lanu lopepukalo udzatukumula thumba ngati mwaikamo kandulo. No. 6 ndi wochepa, chitsulo chake ndi masentimita 7, komabe ndi wobulungira.

Mukausankha, yang'anani mawu olembedwa pa chitsulo. "Carbone" sachedwa kunoleka ndipo amathwa modabwitsa, koma amada, ndipo thukuta la m'thumba lokha limamuchititsa dzimbiri mukamusiya osapukuta. Ine kuda kwakeko ndimakukonda. Kwa inu a muofesi tengani "Inox", chitsulo chosachita dzimbiri cha Sandvik cha ku Sweden.

Mayi_Telala analemba:

Bambo, matumba obooka ngati lanulo ndimawasoka pafupifupi mlungu uliwonse, ndiye ndilankhuleko za thumba, poti abambo mukamakamba za mipeni mumaiwala kumene mpeniwo ukagone. Nsalu ya m'kati mwa thumba la thalauza la muofesi ndi yopyapyala kuposa ya kunja. Imabooka zinthu ziwiri zikakumana, kulemera ndi kona yakuthwa. Mukamayenda chinthucho chimagwedera, kona n'kumakhula malo amodzi omwewo pansi pa thumba, pafupi ndi msoko. Ndiye funani mpeni wophwatalala, wa makona osalala, wosapitirira magalamu 50.

Pa chifukwa chimenechi Higonokami wanuyo ndikumukayikira. Ali ndi kamchira kachitsulo kamene kamatulukira kunja akakhala wopinda, ndiponso m'mphepete mwa mkuwa wopindidwawo simukhala mosalala kwenikweni. Popanda kachikwama, mubweranso kwa telala.

Ine pa makiyi anga pali Victorinox Classic SD, kautali mamilimita 58, kulemera magalamu 21. Kasizasi kake ndi kamene ndimagwiritsa ntchito kwambiri, podula ulusi ndikamayesa kasitomala chovala. Koma kampeni kake n'kochepa kwambiri pa makatoni anuwo. Bambo akunyumba ali ndi Cadet yemweyo mukumunenayo, ndipo ndamugwira kambirimbiri. Ndi mamilimita 84 akapindidwa, magalamu 46, ndipo ndi wophwatalala moti m'thumba saoneka. Aluminiyamu wake ali ndi timizere tosokonezana ngati nsalu yoluka, saterera m'manja. Muli mpeni, chopalira zikhadabo, ndi zotsegulira ziwiri, cha botolo ndi cha chitini, zimene kunsonga kwake mumamasulira masikuluwu. Sizasi mulibe, dziwiranitu.

Chinanso chimene chikugwirizana ndi nkhani ya mtsikana uja: kachizindikiro ka mtanda ka Victorinox kaja anthu ambiri amakadziwa. Akangokaona amadziwa kuti n'chipangizo. Kampaniyi anaiyambitsa Karl Elsener ku Ibach, ku Switzerland, mu 1884, ndipo dzinalo linachokera kwa mayi ake, Victoria, kuphatikiza ndi "inox". Ndimakonda kuti munthu anatcha ntchito ya manja ake dzina la mayi ake.

Chitsulo chawo n'chofewerapo, katoni imachibunthitsa msanga, koma bambo akunyumba amangochikhula kangapo n'kubwerera. Ndipo musauike thumba limodzi ndi makiyi ndi makobidi ngati mukufuna kuti ukhalebe wokongola.

Woyendayenda analemba:

Ndiwonjezereko mbali ya malamulo, poti ine ntchito yanga ndi ya maulendo ndipo ndinataya kale mpeni umodzi pa chipata cha bwalo la ndege. Ndinauiwala m'chikwama cha m'manja, makina anauona, ndipo panalibe nthawi yobwerera kukauika m'sutikesi. Mpeni uliwonse uzipita m'katundu wopereka pa kauntala, ngakhale kakang'ono ka pa makiyi.

Mayiko amasiyana, ndipo kawirikawiri nkhani imagona pa loko. Ku UK, lamulo la Criminal Justice Act la 1988 limalola munthu kuyenda ndi mpeni wopinda popanda kupereka chifukwa ngati mbali yake yakuthwa siipitirira mainchesi 3, amene ndi masentimita 7.62, ndipo ulibe loko. Wa loko, ngakhale ufupike bwanji, umafunika chifukwa chomveka. Ndiye kuti kumeneko Opinel No. 6 ndi mphete yake ija ungakupezetseni mavuto, pamene No. 5, umene ulibe mphete, ndi Cadet zili bwino. Ku Germany amaletsa kuyenda ndi mpeni umene uli ndi zonse ziwiri, loko ndi kutseguka ndi dzanja limodzi, pokhapokha pali chifukwa chovomerezeka.

Fufuzani lamulo la kumene mukukhala komanso malamulo a kuntchito kwanu. Koma mwa zimene ndaona ine, mpeni waufupi, wopanda loko, wotsegula ndi chikhadabo, ndi umene umadutsa malo ambiri popanda mafunso.

Mlembi_Wamakalata analemba:

Zikomo nonse. Mayi, za kamchira ka Higonokami sindinaziganizire n'komwe, ndimangoona kukongola kwa mkuwa pa chithunzi.

Koma pali chimene chikundidetsa nkhawa. Ndazolowera loko ya Buck, imene ikagwira yagwira. Mpeni wopanda loko sungandipindikire pa zala ndikudula chingwe cholimba? Dzanja lamanja ndi limene ndimalembera, sindingaliseweretse. Ndipo ngati alipo amene ali ndi Higonokami weniweni m'manja, ndikufunabe kumva kwa iwo ndisanamusiye.

Agogo_Amipeni analemba:

Mphwanga, ndili nawo awiri, ndipo ndiyambe ndi funso la zala chifukwa ndi lofunika.

Mpeni wopanda loko ngati Cadet uli ndi sipuling'i kumsana kwa chigwiriro imene imaugwira ukatseguka. Ukamadula moyenera, mphamvu imakankhira chitsulo kumbuyo, kumene chatsamira kale pa sipuling'iyo, ndiye sungapindike. Umapindika ukaubaya ndi nsonga pa chinthu cholimba, ukaupotokola ngati chotsegulira chitini cha penti, kapena ukakanirira m'katoni iwe n'kuukoka mokweza dzanja. Ine ndili ndi chipsera pa chala cha mkombaphala cha zaka zoposa 30. Ndinkaboola lamba wachikopa ndi nsonga, ndikukankha ndi mphamvu zonse, mpeni unagwada n'kunditema mpaka ndinaona choyera m'kati. Sindinabayenso ndi mpeni wotere, ndipo sindinatemekenso. Chingwe chapulasitiki chija lowetsani mpeni pansi pake, kuthwa kuyang'ane kumwamba ndi kutali ndi inu, n'kukankha. Chimaduka mosavuta.

Tsopano Higonokami. Amapangidwa ku Miki, m'chigawo cha Hyogo, kuyambira zaka za m'ma 1890, ndipo lero amene ali ndi ufulu wolemba dzinali pa mpeni ndi a Nagao Kanekoma okha. Kale unali mpeni wa ana asukulu ku Japan, wosongolera pensulo. Mu 1960 mnyamata wa zaka 17 anapha wandale Asanuma Inejiro ndi lupanga lalifupi, ndipo pambuyo pake kunabuka kampeni yochotsa mipeni m'manja mwa ana. Malonda anagwa, amisiri ambiri n'kusiya. Pa pensulo zanuzo ndi wabwino koposa, chitsulo chake chimathwa ngati lumo, ndipo mkuwa umasintha mtundu pamene pamagwira zala zanu, moti pakatha chaka mpeniwo umadziwika kuti ndi wanu. Koma alibe loko, alibenso sipuling'i. Kamchira kaja, amakatcha chikiri, ndi kamene mumakanikiza ndi chala chachikulu kuti mpeni usapindike. Msomali umene chitsulo chimazungulirapo ukakhwepa, amatha kutseguka yekha m'thumba, mpaka muumenye pang'ono ndi hamala kuti ulimbe. Amachitanso dzimbiri. Wanga amakhala pa desiki pafupi ndi pensulo, m'thumba samalowa. Mayi aja anena zoona.

Poti mwati mukufuna wooneka bwino, ndikutchulireni ena. Case Peanut wa ku Bradford, Pennsylvania, ndi kampeni ka masentimita 7 ndi pang'ono kakapindidwa, ka zitsulo ziwiri, chigwiriro cha fupa losemedwa ndi kunyikidwa mu utoto. Kamazimirira m'thumba ndipo palibe amene angakaope. Laguiole wa ku France, wowonda uja wa kanjuchi pamsana, ndi wokongola kwambiri, koma chenjerani: dzinalo aliyense amalilemba pa mpeni wake, ndipo yambiri ndi yopangidwa mwachisawawa kumayiko ena. Yang'anani dzina la mmisiri kapena la fakitale pa chitsulo, kanjuchi kokha sikatsimikizira kanthu. Pamwamba pa yonse kwa ine pali Mnandi wa Chris Reeve, mmisiri wochokera ku South Africa amene anasamukira ku Boise, Idaho. Dzinalo ndi la Chizulu, kutanthauza chinthu chokoma. Chigwiriro chake ndi cha titanium, chokhala ndi mtengo woikidwa m'mbali. Ndinaugwirapo kamodzi kokha ndipo sindinauiwale. Koma uli ndi loko, ndiponso ndi wamtengo wapatali moti mudzachita mantha kudulira katoni.

Uliwonse mungasankhe, uyeseni m'manja ngati n'kotheka. Utseguleni, gwirani chitsulo kumsana, gwedezani kumanzere ndi kumanja: usagwedere. Upindeni, yang'anani ngati chitsulo chagona pakati pa mng'alu osakhula mbali imodzi. Yendetsani chala pamwamba uli wopinda, nsonga isatulukire, apo ayi idzakubayani polowetsa dzanja m'thumba. Ndipo sipuling'i isalimbe mpaka kuthyola chikhadabo. Mpeni wovuta kutsegula mudzayamba kuusiya kunyumba.

Kalipentala_Wakale analemba:

Agogo anena zonse. Ine ndingowonjezera za kunola, chifukwa mpeni wobuntha ndi umene umatema mwini wake: umakakamiza, umaterereka.

Simufunika zida zambiri. Mwala umodzi wosalala ukwanira. Pakani inki ya maka m'mphepete mwa kuthwa, gonekani chitsulo pa mwala mochikweza pang'ono, pafupifupi madigiri 20, n'kukhula kangapo. Pamene inki yachoka ndi pamene mwala ukudya. Ngati yachoka m'mwamba koma kunsi kwatsala, kwezani pang'ono. Pitirizani mbali imodzi mpaka chala chimve kachitsulo kopindikira mbali inayo, kenako tembenuzani. Pomaliza kokerani chambuyo pa lamba wachikopa, kuseri kwake kokhakhala. Muli muofesi mwala palibe, tembenuzani kapu yadothi, pansi pake pali mzere wozungulira wosapakidwa zonyezimira, umanola bwino ndithu.

Guluu wa tepi amamatirira pa chitsulo n'kuchititsa mpeni kuoneka ngati wabuntha. Pukutani ndi kansalu konyika mu spiriti. Pa msomali dontho limodzi la mafuta a makina osokera, kamodzi pa miyezi ingapo.

Mlembi_Wamakalata analemba:

Ndabweranso patatha milungu itatu kudzakuuzani mmene zathera. Ndinatenga Cadet. Ndinayesa zonse zimene munanena, agogo: sagwedera, chitsulo chagona pakati, nsonga yabisika bwino. Sipuling'i inali yolimbirapo masiku oyamba, ndinadonthezera mafuta a makina monga ananenera akalipentala, pano chikhadabo chikuutulutsa mosavuta ndipo potseka umangoti "tcha", pang'ono chabe.

Ndimauika m'thumba lamanja wokha, makiyi anasamukira kumanzere. Masiku ena ndimachita kupapasa kuti ndidziwe ngati ulimo. Pa katoni ndavomereza kuti umabuntha msanga, Lachisanu lililonse ndikumaukhula pansi pa kapu yanga ndisanaweruke, ndipo njira ya inki ija inandionetsa kuti ndinkaugoneka kwambiri. Chimene sindinayembekezere n'chakuti kachitsulo komasulira masikuluwu ndakagwiritsa ntchito kuposa mpeni weniweniwo mlungu woyamba. Ndinamanga chogwirira dirowa chimene chakhala chikugwedera kuyambira chaka chatha.

Dzulo kunabweranso katoni ya mapepala. Ndinautsegula ndi manja awiri, ndinalowetsa pansi pa chingwe, n'kukankhira kutali. Mtsikana uja analipo. Anandipempha kuti adule yekha chingwe chachiwiri, ndinamuonetsa pogwira, anadula, n'kuutembenuza m'manja kuyang'ana timizere ta aluminiyamu tija asanandibwezere.

Buck wa amalume ndamupukuta, ndamupaka mafuta, ali m'kachikwama kake. Higonokami sindinamuiwale. Agogo, pa awiri muli nawowo, ndi wa utali wanji umene umakhala bwino m'dzanja posongola pensulo? Ndikufuna woti azikhala pa desiki.